Ngongole ikabwezedwa, malata adzachuluka ku Lifidzi

Munthu wofuna kudziwa ngati ulimi unayenda bwino m'midzi yozungulira mishoni ya Lifidzi, m'boma la Angónia, angoyang'ana madenga m'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala. Chaka chimene fodya, mbatatesi ndi nyemba zagulidwa pa mtengo wabwino, mauvuni a njerwa amafuka m'mbali mwa madambo, ngolo zimakhalira kututa mchenga, ndipo malata atsopano amang'anima kuchokera patali. Chaka chimene malonda avuta, zipupa zimaimira pawindo, mvula n'kuzipeza zilibe denga.

N'chifukwa chake nkhani ya thumba latsopano la ngongole ikukhudza banja lililonse m'derali. M'chaka cha 2025 boma la Pulezidenti Daniel Chapo linakhazikitsa thumba lotchedwa Fundo de Desenvolvimento Económico Local, mwachidule FDEL, loti lizibwereketsa ndalama kwa ochita mabizinesi ang'onoang'ono m'maboma, makamaka achinyamata ndi amayi. Ganizoli ndi labwino ndithu, pakuti nyumba ya munthu wa kumudzi imachokera m'munda ndi mu geni yake. Komatu anthu a ku Angónia anaonapo kale thumba lofanana nalo, ndipo mmene linathera ndi phunziro losayenera kuiwalika.

Achikulire akudziwa kumene derali lachokera. Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, Apwitikizi ambiri amene anali ndi makantina m'midzi anachoka, mlimi n'kusowa kogulitsa chimanga ndi kogula mchere ndi sopo. Boma la nthawi imeneyo linaika mtima pa munda waukulu wa boma wa CAIA, koma mundawo unagwa m'zaka za m'ma 1980. Nkhondo inafika povuta. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri a Chijezuiti, bambo João de Deus Kamtedza ndi bambo Sílvio Moreira, anagwidwa ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi, naphedwa. Anthu miyandamiyanda anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, othawawo anabwerera napeza mabwinja, minda itasanduka tchire, makola ali pululu. Nyumba zambiri za njerwa zimene zikuoneka lero zamangidwa kuchokera nthawi imeneyo, ndi thukuta la eni ake.

Ndipo zamangidwa popanda banki. Bungwe la boma loona za nyumba, la Fundo para o Fomento de Habitação, lilipo kuyambira 1995, koma nyumba zake zimapezeka kwambiri m'mizinda ndipo zimafuna munthu wolandira malipiro mwezi ndi mwezi. Banki nayo imafuna chikole. Malinga ndi malamulo a dziko, nthaka yonse ndi ya boma, sigulitsidwa ndiponso siikidwa chikole. Lamulo la malo la 1997 limateteza mlimi ndithu: amene akulima malo motsata mwambo wa makolo, kapena wakhala pamalopo mosabisa kwa zaka zosachepera khumi, ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, wotchedwa DUAT, ngakhale alibe pepala, ndipo umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi umalandiridwa. Ufuluwo umamuteteza kwa olanda, koma sumutsegulira khomo la banki ku Ulónguè.

Motero banja limamanga pang'onopang'ono. Chaka chino liumba ndi kuotcha njerwa. Chaka chamawa likweza zipupa ndi dothi m'malo mwa simenti. Malata limagula awiri lero, atatu mwezi wamawa, n'kumawasunga kudenga kwa nyumba yakale mpaka atakwana. Zitseko, mafelemu ndi pulasitala zimabwera pamapeto. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Koma kudumphako kumadalira kuti ndalama ilowe m'thumba chaka ndi chaka, ndipo apa m'pamene ngongole yabwino ikanathandiza.

M'chaka cha 2006 boma la Pulezidenti Armando Guebuza linayamba kupereka 7 miliyoni metikali ku boma lililonse mwa maboma 128 amene analipo panthawiyo. Anthu anangozitcha "sete milhões". Posakhalitsa kunalengezedwa kuti ndalamazo zizibwereketsedwa kwa anthu ofuna kulima chakudya ndi kuyambitsa ntchito, ndipo mu 2009 zinasanduka thumba la Fundo de Desenvolvimento Distrital. Osankha olandira anali a makhonsolo a m'madera, momwe munkakhala mafumu, akuluakulu a boma ndi nthumwi za anthu. Ena anapinduladi: zigayo zinagulidwa, ng'ombe zinalowa m'makola, maokala anatsegulidwa.

Koma m'dziko lonse gawo limene linabwezedwa linali lochepa zedi. Madandaulo anamveka m'zigawo zambiri akuti ndalama zimapita kwa odziwana ndi osankha. Ambiri anaitenga ngongoleyo ngati mphatso ya boma, ena ngati chithokozo cha voti. Wina ankati akaona mnzake wadya osabweza, palibe chimene chamuchitikira, nayenso ankangokhala. Mavuto a ngongole zobisika za dziko ataululika mu 2016, thumbalo linayamba kuuma, ndipo popeza ndalama zoyamba sizinabwerere, amene anali pamzere kudikira anangotsala manja lende. Wodya ngongole uja sanabere nduna ya ku Maputo. Anabera mayi wogulitsa mandasi pamsika ndi mnyamata wophunzira ukalipentala a m'mudzi mwake momwe.

Chodabwitsa n'chakuti alimi omwewa amadziwa kubweza ngongole. Kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, imene ili ndi fakitale mumzinda wa Tete, imapereka mbewu ndi feteleza pangongole kwa alimi a fodya a ku Angónia ndi maboma oyandikana nawo. Mlimi amadziwa chimene watenga, alangizi amamuyendera kumunda, ndipo pogulitsa mabelo ake ngongoleyo imadulidwiratu. Alimi amadandaula kawirikawiri za magiredi ndi mitengo, poti wogula ndi mmodzi yemweyo, koma ngongole imayenda chifukwa yamangiriridwa ku mbewu, ku nyengo ndi ku msika wodziwika.

Chitsanzo china ndi magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, amene tsidya la Malawi amati banki m'khonde, ndi chipereganyu chimene ku Mozambique chimadziwika kuti xitique. M'magulu a bokosi, makiyi amasungidwa ndi anthu osiyana, ndalama zimawerengedwa onse akuona, ndipo wobwereka amadziwa kuti watenga thukuta la anzake amene adzakumana nawo kuchitsime ndi kumaliro. Pakutha pa chaka amagawana, ndipo ndalama zogawanazo kawirikawiri ndi zimene zimagula malata ndi kulipira sukulu. Kumeneko kulibe wapolisi kapena khoti, koma osabweza ndi owerengeka.

Kusiyana kwake kuli poyera. Pamene aliyense akudziwa amene watenga, kuchuluka kwake ndi tsiku lobweza, ndalama imabwerera. Pamene mayina asankhidwa m'chipinda chotseka, ndalama imasowa mwini.

Ngongole payokha sikwanira ngati msika ukudya phindu la mlimi. Angónia ndi nkhokwe ya chigawo cha Tete, koma zokolola zambiri zimachoka zosakonzedwa. Mavenda amafika ndi malole nthawi yokolola, mbewu zili mbwee, n'kudzitchulira okha mtengo. Chimanga chimene banja lagulitsa motchipa mu Meyi limadzachigulanso modula mu Januwale. Mvula ikagwa misewu yafumbi imaterera, ndipo mbatatesi ndi kabichi sizidikira. Ena amaolokera nazo ku Dedza kudzera pa Calómuè, kapena ku msika wa Lizulu, pamene msewu wa Lilongwe ndi Blantyre uli malire a maiko awiriwa. Kumeneko malipiro amakhala makwacha. Mu Novembala 2023 Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo amene anasunga makwacha pansi pa mphasa kuti adzagule malata ndi simenti anadzuka atasauka osaberedwa ndi munthu. Wogulitsa tsidya lija achita bwino kusintha ndalama zake msanga kapena kugulirathu katundu womangira.

Tsono kuti FDEL isatsate mapazi a "sete milhões", pali zinthu zimene anthu a ku Lifidzi, Dómuè ndi madera ena ayenera kupempha popanda mantha. Choyamba, mayina a olandira, kuchuluka kwa ndalama ndi ntchito imene alonjeza aziwerengedwa pamsonkhano wa mudzi ndi kukhomedwa pa ofesi ya dera, ndipo pakatha miyezi ingapo kuziwerengedwanso amene abweza ndi amene sanabweze. Mfumu kapena membala wa komiti amene m'bale wake wapempha azituluka panja pokambirana dzinalo.

Chachiwiri, ngongole iziyendera nyengo. Ya feteleza imene yafika mu Febuluwale, chimanga chitamasula kale, imathera m'mowa ndi m'zovala. Izifika mvula isanagwe, ndipo kubweza kuziyembekeza kukolola. Wa geni ya pamsika angathe kubweza mwezi ndi mwezi, koma wa mbatatesi sangabweze mbewu ili m'nthaka.

Chachitatu, patsogolo pakhale ntchito zimene zimasunga ndalama m'dera momwemo. Kalipentala wa pa Lifidzi akapeza zipangizo, chitseko sichidzachokeranso ku Ulónguè kapena ku Dedza. Wowotcherera zitsulo akapeza makina, mafelemu a mawindo ndi ngolo zidzakonzedwa pafupi. Gulu la alimi likamanga nyumba yosungiramo mbewu ya mbatatesi ndi chimanga, lidzatha kudikira mtengo wabwino. Ntchito zoterezi zimatsitsa mtengo womangira nyumba, n'kulembanso achinyamata amene akanapita kukasaka ganyu ku Moatize kapena ku Johannesburg. Magulu amene ali kale ndi mabuku osonyeza kuti amasunga ndi kubweza ndiwo ayenera kuyamba kukhulupiriridwa.

Pali chinanso chofunika kuchiganizira. Uvuni uliwonse umadya mitengo yambiri, ndipo mapiri a ku Angónia ayamba kuyera. Woumba njerwa zogulitsa amene walandira ngongole ayenera kukhala ndi munda wake wa mitengo, monga bulugama, kuti mawa mapaso ndi nkhuni zisadzadule kuposa malata. Ndiponso banja likamanga nyumba, ndi nzeru kuitana mfumu ndi mboni kuti malire a malowo ndi eni ake adziwike, mayina a bambo ndi mayi onse awiri. Lamulo limapatsa amayi ufulu wofanana ndi abambo pa malo, koma amasiye ambiri avutikapo chifukwa nkhaniyi sinakambidwe onse ali moyo.

Boma lili ndi mbali yake: kukonza misewu yolowa m'midzi, kutumiza alangizi, ndi kulondola ngongole mosayang'ana nkhope kapena khadi la chipani. Koma mbali yaikulu ili kwa obwereka eni ake. Mutu umodzi susenza denga. Amene walandira lero akabweza, mnzake adzalandira mawa, ndipo thumba lomwelo lidzazungulira midzi yambiri. Akalidya, lidzauma monga linauma loyamba lija, ndipo ana amene akukula lero adzauzidwa kuti anthu a kumudzi sayenera kukongozedwa. Anthu amene anamanganso midzi yawo kuchokera pa mabwinja mu 1992 sakuyenera mbiri yotere.