Makina owerengera matepi a MiniDV akutha, zikumbutso za mabanja zili pachiswe

M'masutikesi ndi m'madirowa a nyumba zambiri m'mizinda ya dziko lino muli timatepi ting'onoting'ono, tolembedwa MiniDV kapena Digital8. Timatepi timeneti tasunga maukwati, zinkhoswe, maliro ndi miyambo yomaliza maphunziro ya m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, kuphatikizapo nkhope ndi mawu a anthu amene lero kulibe. Eni ake ambiri mtima uli m'malo chifukwa anauzidwa kuti chinthu cha dijito sichifwifwa. Koma chimene chikutha msanga ndi makina oti awerenge matepiwo, ndipo makampani amene ankawapanga anasiya kalekale.

Chenjezo linaperekedwa nthawi ikadalipo. M'chaka cha 2015, nyumba yosunga mafilimu ndi mawu ya dziko la Australia, National Film and Sound Archive, inatulutsa chikalata chotchedwa Deadline 2025, chonena kuti zojambulidwa pa matepi zimene sizidzasamutsidwa pofika 2025 zikhoza kutayika mpaka kalekale. Mu 2019 bungwe la UNESCO pamodzi ndi la IASA, lomwe limasonkhanitsa akatswiri osunga mawu ndi kanema, anayambitsa ntchito ya Magnetic Tape Alert Project ndi uthenga womwewo. Chaka cha 2025 chitakwana, kampani ya Apple inatulutsa macOS 26 yomwe sigwiranso ntchito ndi FireWire, nthambo imene makamera a matepi a dijito amatumizira kanema ku kompyuta.

Luso la DV linabwera mu 1995 makampani akuluakulu a zamagetsi, kuphatikizapo Sony, Panasonic ndi JVC, atagwirizana njira imodzi yojambulira kanema wa dijito pa tepi. Kaseti yake yaing'ono, MiniDV, ili ndi tepi ya mamilimita 6.35 m'lifupi ndipo imajambula mphindi 60, kapena 90 kamera ikatcheredwa pa LP. Zithunzi zake zinaposa kutali za VHS, mwakuti filimu ya ku Britain ya 28 Days Later, yomwe inatuluka mu 2002, mbali yake yaikulu inajambulidwa ndi kamera ya MiniDV ya Canon XL1.

Mitundu ina inatsatira. Mu 1999 Sony inatulutsa Digital8, yomwe imalemba kanema wa DV yemweyo pa makaseti a Hi8. Mu 2001 kampani yomweyo inabweretsa MicroMV, kakaseti kochepetsetsa komwe makampani ena sanakatengere. Mu 2003 kunabwera HDV, yojambula zithunzi zowala kwambiri pa kaseti yomweyo ya MiniDV. Mtundu uliwonse umafuna makina akeake: kaseti ya Digital8 singalowe m'kamera ya MiniDV, ndipo tepi ya HDV, ngakhale imalowa, kamera wamba ya MiniDV singaiwerenge.

Ulemerero wa matepiwa sunakhalitse. Mu 2006 Sony ndi Panasonic analengeza AVCHD, njira yojambulira pa timadisiki ndi pa memory card, ndipo posakhalitsa mafoni a m'manja analanda msika wonse. Sony inasiya kupanga makina owerengera makaseti a 8mm mu 2011, n'kusiyanso kugulitsa makaseti a MicroMV mu March 2016. Chaka chomwecho Funai ya ku Japan, kampani yomaliza yodziwika imene inkapanga makina a VHS, inatseka ntchitoyo. Lero aliyense wofuna kuonera tepi ya MiniDV akudalira kamera yakale, yomwe timitu take towerengera tepi tikutha, timawilo take tamphira tikuuma, ndipo masipeya ake amapezeka pophwasula kamera inzake.

Kuno kwathu nyengo ya matepiwa inagwirizana ndi kuyamba kwa Television Malawi mu 1999. Makamera otsikirako mtengo anathandiza kuti achinyamata ambiri ayambe ntchito yojambula maukwati, makwaya a m'mipingo ndi makanema a nyimbo. Wojambula ankatenga mwambo pa tepi, n'kuukonza, kenako n'kupereka kwa banja kaseti ya VHS kapena chimbale cha DVD. Tepi yoyambirira nthawi zambiri inkatsala kwa iye, ndipo popeza matepi anali ogula, ena ankajambulaponso mwambo wina sabata yotsatira.

Mabanja amene ali ndi DVD angaganize kuti nkhaniyi sikuwakhudza, koma n'chikomekome cha mkuyu. Ola limodzi la kanema wa DV limadya magigabayiti pafupifupi 13, pamene DVD wamba imanyamula 4.7 okha. Kuti mwambo wa maola awiri ukwane pa chimbale chimodzi, kanemayo ankafinyidwa ndipo zina zinkadulidwa. Kuwonjezera apo, zimbale zowotchera pa kompyuta zimasunga uthenga pa utoto umene umawonongeka ndi dzuwa, kutentha ndi mikwingwirima. Choncho pamene tepi yoyambirira ikadalipo, ndiyo ili ndi mwambo wonse m'maonekedwe ake enieni.

Tepi nayonso ili ndi adani ake. Chinyezi cha m'dzinja chimabala chuku, kutentha kwa mu October pansi pa denga la malata kumafooketsa tepi, ndipo maginito a masipika akuluakulu akhoza kusokoneza zolembedwapo. Kawonongekedwe kake n'kosiyana ndi ka VHS. Kaseti ya VHS ikamakalamba chithunzi chimachita chimbuuzi pang'onopang'ono koma munthu amazindikirabe nkhope. Pa tepi ya dijito, uthenga wotayika ukachuluka kuposa umene makina angakonze, chithunzi chimasweka timabokosi kapena mizeremizere, mawu amadukaduka, kapena zonse zimazimiririka. Matepi ojambulidwa pa LP ndiwo ovuta kwambiri, pakuti mizere yake ndi yopyapyala ndipo kawirikawiri imawerengeka bwino ndi kamera yokhayo imene inajambula.

Komabe dijito ili ndi mwayi umene VHS ilibe. Kanema wa DV akadutsa pa nthambo ya FireWire, imene Sony inkaitcha i.LINK ndipo makamera ena amangolemba kuti DV, amafika pa kompyuta ndendende momwe alili pa tepi, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi imene anajambulidwa ngati wotchi ya kamera inali yotcheredwa. Palibe chimene chimatayika. Nthambo ya USB ya makamera ambiri a nthawi imeneyo inali yotumizira zithunzi zoima kapena kanema wochepa mphamvu. Nazo tizipangizo totchipa tolumikiza nthambo zachikasu, zoyera ndi zofiira ku USB timatulutsa kanema wotsika, chifukwa timasintha uthengawo kawiri. Wopereka matepi ake kwa munthu wosamutsa ali ndi funso limodzi lofunika: kodi adutsa pa FireWire?

Ntchitoyi ilibe chidule. Tepi ya ola limodzi imatenga ola limodzi kuti isamutsidwe. Makompyuta ambiri atsopano alibe polowetsera FireWire, ngakhale kuti pa kompyuta ya patebulo n'zotheka kuikamo khadi yake. Ogula makamera akale achenjerenso ndi kusiyana kwa PAL ndi NTSC: matepi ambiri ojambulidwa kuno ndi a PAL, pamene makamera ochokera ku Japan ndi ku America ndi a NTSC, ndipo ambiri a iwo sangatumize bwino kanema wa PAL. Amene ali ndi matepi akale a Video8 kapena Hi8 akhoza kuthandizidwa ndi makamera ambiri a Digital8, omwe amawerenga matepi amenewo n'kuwatumiza pa FireWire.

Poyembekezera kusamutsa, matepi asungidwe choimirira m'mabokosi mwake, pamalo pouma ndi pozizira, kachitseko kake katakankhidwira ku SAVE kuti wina asajambuleponso mwangozi. Tepi ya chuku isalowetsedwe m'kamera, chifukwa idetsa timitu n'kupatsira matepi ena. Kanema akasamutsidwa, asungidwe osafinyidwa pa hard drive, ndipo ya terabayiti imodzi imanyamula maola oposa 70. Ndi bwino kukhala ndi makope atatu, imodzi ili kunyumba ina. Kutumizirana pa WhatsApp kapena kuika pa Facebook n'kwabwino posangalatsa abale, koma kumafinya kanemayo kwambiri moti sikungawerengedwe ngati kusunga. Matepi enieniwo asatayidwe.

Nkhaniyi ikupitirira mabanja. Matepi amene ali ndi ojambula akale, mipingo, mabungwe ndi oimba ali ndi misonkhano, magule, kulongedwa ufumu kwa mafumu ndi maonekedwe a mizinda m'zaka zoyambirira za ulamuliro wa zipani zambiri, zinthu zimene wailesi ya kanema sikanatha kujambula zonse. Banja limodzi kugula kamera, nthambo ndi kompyuta chifukwa cha matepi asanu n'kovuta, koma malo amodzi okhala ndi makamera ochepa osamalidwa bwino akhoza kuthandiza mzinda wonse. Iyi ndi ntchito imene National Archives of Malawi ku Zomba, masukulu a ukachenjede ophunzitsa utolankhani ndi nyumba zoulutsa mawu angaiganizire limodzi, ngakhalenso achinyamata ofuna bizinesi. Chaka chilichonse pa 27 October dziko lapansi limakumbukira tsiku la UNESCO losamala zojambulidwa za mawu ndi kanema. Kamera iliyonse ya MiniDV kapena Digital8 imene ikugwirabe ntchito m'dziko muno ndi yofunika kuisunga, pakuti ikafa palibe fakitale imene ipange ina.