USIKU WA M'TAUNI NGWA YANI? (Gawo 3)

Sabata yatha tidaona m'mene misika ya m'mbali mwa mseu wa Zomba, monga wa pa Njuli ndi wa pa Mbulumbudzi, imadyetsera anthu a mu Limbe ndi mu Blantyre. Lero tiyeni titsatire minibasi yomwe ija mpaka pakati pa tauni, koma tikafikeko dzuŵa litaloŵa.

Munthu wa kuno kwa Mpama amene adangozoloŵera kuona Limbe masana, akachedwa tsiku lina mpaka 7 koloko madzulo amadabwa. Mseu wa Churchill, m'mene masana munthu amasoŵa poponda, umakhala uli zii. Masitolo onse amakhala atatsitsa zitseko zachitsulo. Ku Blantyre nakonso, mu Victoria Avenue ndi mu Haile Selassie, mumangotsala alonda atakhala pa makatoni, ana ogona m'makonde, ndi magalimoto aŵiri atatu othamangira ku mahotela. Mzinda umene kalembera wa 2018 adaupeza ndi anthu oposa 800,000 umagona msanga pamtima pake kuposa mudzi umene mwagwa chinamwali. Phokoso lonse limasamukira m'mbali: ku Kamba, ku Ndirande, ku Bangwe ndi kwa Kachere, kumene kuli malo omwera moŵa.

Wina afunsa kuti, kodi ife a ku Chiradzulu zitikhudza bwanji? Zitikhudza chifukwa chaka ndi chaka ana athu akalemba mayeso a Fomu 4 amayang'ana komweko. Ulendo wake ngosakwana ola limodzi. Mwezi wathawu ndidachedwa mu Limbe pochokera ku maliro, ndipo ndikufunafuna chokwera ndidamva wina akuitana kuti, "Aphunzitsi!" Adali mnyamata amene ndidamphunzitsa zaka zinai zapitazo, mmodzi mwa aja ankalakatula ndakatulo pa tsiku lotsekera sukulu. Tsopano ndi mlonda wa sitolo. Ndidamfunsa ngati chibwerere m'tauni adaonerako seŵero kapena kumvetserako oimba m'holo. Adaseka, nandiuza kuti m'zaka zitatu chimene wachidziŵa bwino usiku ndi udzudzu wa mu Limbe basi, ndipo tsiku lopuma anzake amamtengera kumoŵa chifukwa kulibe kwina kopita.

Yankho lakelo ndilo landilembetsa nkhaniyi. Usiku wa m'tauni amaugwirira ntchito ndi anthu ochokera m'midzi yonga yathuyi. Mlonda, wophika mu hotela, wokazinga chipisi, mnyamata wa kabaza, mai wonyamula dengu la tomato amene amadzuka tambala woyamba asanalire kuti akapeze malo pa msika wa Limbe: onseŵa ngathu. Koma zokoma za usikuwo sadyako, ndipo kuyambira kale akhala akuonedwa ngati anthu owakaikira.

Kuti timvetse, tiyenera kubwerera m'mbuyo. Blantyre adayamba ngati mishoni ya Askotishi m'chaka cha 1876, ndipo Limbe adakula njanji itafika mu 1908, pamodzi ndi malonda a fodya. Matauni aŵiriŵa adalumikizidwa mu 1956. Atsamunda pomanga sadaganizepo zoti Mwafirika adzakhale pakati pa tauni. Pakatipo padali pa maofesi, mabanki ndi masitolo a Azungu ndi Amwenye. Wantchito wachikuda ankaloŵa m'maŵa wapansi kuchokera ku Ndirande kapena ku midzi yozungulira, ndipo madzulo ankayenera kutuluka. Woyenda usiku m'tauni popanda chiphaso ankagwidwa. Ufulu udabwera mu 1964, koma mamangidwe a mzinda sadasinthe. Mpaka lero pakati pa tauni pamagona anthu ochepa kwambiri, ndipo malo amene sagonapo anthu sakhala ndi moyo usiku.

Chida china chimene atsamunda adatisiyira ndi lamulo limene tonse timalidziŵa ndi dzina loti vakabu. Gawo 184(1)(c) la malamulo a zilango, amene adakhazikitsidwa nthaŵi ya atsamunda potengera lamulo la ku Mangalande la 1824, linkalola wapolisi kumanga munthu aliyense wopezeka pamseu kapena pamalo pena pa nthaŵi yoti nkumuganizira kuti akufuna kuchita choipa. Taonani kuti munthuyo sankafunika kulakwa kanthu. Kukaikiridwa kokha kudali kokwanira. Nanga wokaikiridwa ankakhala ndani? Wa pa galimoto sankaimitsidwa. Ogwidwa adali oyenda pansi, ovala zosakhala bwino, ndiye kuti amphaŵi.

M'mwezi wa Malichi 2015, bambo wina wogulitsa majumbo, Mayeso Gwanda, adagwidwa pa Chichiri cha m'ma 4 koloko m'maŵa akulaŵirira ku Limbe kukachita malonda ake. Mmalo mongolipira faindi nkuiŵala, monga ankachitira ambiri, iye adatsutsa lamulo lenilenilo. Pa 10 Januwale 2017 Bwalo Lalikulu la Milandu lidagamula kuti gawo limeneli likutsutsana ndi malamulo aakulu oyendetsera dziko. Aphunzitsi anzanga, mlandu umenewu ngoyenera kuuphunzitsa m'kalasi, pakuti udatsimikiza kuti mseu wa m'tauni usiku ngwa wogulitsa majumbo monga momwe uliri wa bwana. Mwana wathu aliyense wopita ku Limbe azidziŵa kuti kuyenda usiku pakokha si mlandu.

Komatu chigamulo chimangotsegula chitseko. Sichiyala mphasa m'nyumba. Munthu waloledwa kuyenda usiku, chabwino, nanga apite kuti? Apa mpamene pagona nkhani.

Achikulire amene adakhalako mu Blantyre m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amasimba za kanema wa ku Apollo, za madansi a m'maholo, ndi za magulu oimba monga la Daniel ndi Donald Kachamba kapena Likhubula River Jazz Band ya Robert Fumulani, onse a ku Chileka. Amasimba za zisudzo za Chicheŵa za gulu la Kwathu, m'mene Izeki ndi Jakobo ankaseketsa anthu mpaka misozi. Amakumbuka Du Chisiza Junior, amene adayamba kudziŵika mu 1982 atapambana pa mpikisano wa zisudzo za m'masukulu wa ATEM ali mwana wa sukulu ku HHI, nadzakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987. Malo amene maseŵero ambiri otere ankachitikira adali French Cultural Centre pa Chichiri.

Tisanamizane kuti masiku amenewo adali a mtendere okhaokha. Lamulo la 1968 linkafuna kuti seŵero lililonse liyambe laŵerengedwa ndi bungwe la boma lounika zofalitsa, ndipo lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amai kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi kufikira pamene lidachotsedwa mu 1993. Wochita seŵero ankayankhula mophiphiritsa, akuyang'ana uku ndi uku. Komabe malo adalipo, ndipo mwana womaliza sukulu ankatha kusunga makobiri ake nkukakhala pansi kuonerera chinthu chomutsegula mutu.

Chodabwitsa nchakuti ufulu woyankhula utabwera mu 1994, malo oyankhuliramo adayamba kutha. Makaseti a vidiyo, kenaka wailesi yakanema ndi mafoni, zidapha nyumba za kanema. Maholo ambiri adasanduka mopemphereramo kapena mochitiramo maukwati, chifukwa mpingo ndi ukwati zimalipira bwino kuposa seŵero. Du Chisiza adamwalira mu 1999, John Nyanga amene ankaseŵera Izeki mu 2016, ndipo mnzake Eric Mabedi mu 2021. French Cultural Centre idatsekedwa mu 2011. Boma lidagula malowo nkuwatcha Blantyre Cultural Centre, koma pa nthaŵi yosinthana eni akuba adaloŵamo nkusakaza katundu, ndipo kukonza kwake kudatenga zaka zambiri. Alipo amene sadagwe mphwayi, monga okonza chikondwerero cha Blantyre Arts Festival chimene chidayamba mu 2009, koma chikondwerero nchakamodzi pa chaka, pamene usiku umagwa tsiku ndi tsiku.

Tsono pamene holo yafa, bala imatsala yokha. Sindikunena kuti moŵa ngwachilendo pakati pathu. Makolo athu ankamwa masese pa dima ndi pa chikumbutso. Koma moŵa wakale udali ndi nthaŵi yake, malo ake ndi akulu ouyang'anira. Wa m'tauni ulibe woyang'anira. Tonse tikukumbuka timapaketi ta kachasu wa m'mafakitale tija, timene mwana wa sukulu ankatha kugula ndi ndalama ya chitumbuwa nkubisa m'thumba la yunifolomu, mpaka boma lidatiletsa mu 2015. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mnyamata amachoka kwa Mpama atakopeka ndi magetsi amene amawaona akuthwanima chapatali, koma akafika amapeza kuti chisangalalo chimene thumba lake lingakwanitse nchimodzi chokha, ndipo nchomwe chimatha kakobiri kamene akadatumiza kwa mai ake.

Ngakhale zili tero, usiku ndi munda wa anthu ambiri, ndipo tisaunyoze. Izi zidaoneka poyera mu Januwale 2021, pamene boma pofuna kuchepetsa mliri wa Covid-19 lidalamula kuti malo omwera moŵa azitsekedwa 8 koloko ndi kuti anthu asamapezeke akuyendayenda kuyambira 9 koloko usiku. Amene adalira kwambiri sadali omwa. Adali oimba, ootcha nyama, a kabaza ndi operekera zakumwa, ndipo njala yao idafika mpaka kumidzi kuno kumene amatumiza thandizo. Choncho mankhwala a usiku woipa si kuutseka ai, koma kuupatsa zochitika zina.

Ife a ku Chiradzulu tili ndi chitsanzo pakhomo pomwe. Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930 m'boma lathu lino, adaimba kwa zaka makumimakumi ndi kabanjo kake m'misika ndi m'malo omwera moŵa, akulandira timakobiri ta oledzera. Luso lidalipo kuyambira kale; chimene chidasoŵa ndi nsanja. Adakaimba ku Amereka mu 2016 ali ndi zaka 86, ndipo ataimba limodzi ndi Patience Namadingo mu 2020, nyimbo yake ya Linny Hoo idafalikira pa TikTok nkumveka m'maiko ambiri. Tidanyadira tonse, inde, koma tidzifunse: kodi nchifukwa chiani mzinda umene uli pafupi chonchi udadikira kuti mkuluyu afike zaka 90 kuti umpatse ulemu? Nanga ndi a Chalamanda angati amene lero akulondera masitolo mu Limbe?

Tsono tichitenji? Choyamba chili m'manja mwa khonsolo ya mzinda. Magetsi a m'miseu akayaka ndipo zokwera zikamapezeka mpaka 10 koloko usiku pa mtengo wa masana, anthu amabwera okha, ndipo pamene pali anthu ambiri mbava zimachepa. Lero wokonza seŵero amakakamizika kuliyamba 2 koloko masana kuti oonerera akapeze minibasi yomaliza. Khonsolo ingathenso kupatula usiku umodzi pa mwezi, nkutseka mseu umodzi kuti musadutse magalimoto, kuti ogulitsa zakudya, oimba ndi ovina achite zao mwadongosolo. Ogulitsa malonda adachotsedwa m'miseu mu 2006 pofuna ukhondo. Kuwapatsa mseu womwewo usiku, masitolo atatseka, sikulanda malo a munthu.

Chachiŵiri nchathu aphunzitsi, ndipo sichilira ndalama za boma. Du Chisiza adayambira pa nsanja ya sukulu. Masukulu athu ambiri ali ndi holo kapena chipinda chachikulu chimene chimakhala chokhoma kuyambira Lachisanu masana mpaka Lolemba. Bwanji Loŵeruka limodzi pa mwezi tisamatsegule, mogwirizana ndi komiti ya makolo ndi mafumu, kuti ana amene adamaliza sukulu adzachite seŵero, alakatule ndakatulo, avine tchopa kapena manganje, kwaya iimbe? Khomo likhale la mtengo wa chimanga chootcha. Mwana amene wazoloŵera kusangalala popanda botolo kwao, akapita m'tauni amakafuna zomwezo, ndipo akapanda kuzipeza amaziyambitsa. Mutu umodzi susenza denga, koma masukulu atatu oyandikana akamasinthana, ntchitoyo njopepuka.

Chachitatu nchanu inu amene mwangomaliza sukulu. Tauni si mdani wanu ndipo simufunika chiphaso kuti muyendemo. Koma musapiteko ngati alendo ongodikira kuti wina akusangalatseni. Mukapeza anzanu a kumudzi asanu, yambani gulu. Pemphani chipinda ku tchalitchi, ku mzikiti kapena ku sukulu ya pulaimale. Magulu onse amene tawatchula m'nkhani ino adayamba ndi anthu ochepa opanda ndalama.

Mnyamata wanga uja ndidamsiya pakhonde la sitolo atafunda chijasi. Ndisanakwere adandiuza kuti amalembabe ndakatulo m'kabuku, pogwiritsa ntchito kuŵala kwa foni, pamene tauni yagona. Ndamuitana kuti adzaŵerenge ziŵiri pamaso pa ana a Fomu 3 teremu ikubwerayi, ndipo wavomera ngati bwana wake ampatsa tchuthi.

Sabata ya maŵa tidzaona za maseŵera a mpira wa miyendo pa Kamuzu Stadium, ndi chifukwa chake Bullets ikakumana ndi Wanderers midzi ya kuno imatsala ndi nkhalamba zokha.