Wogula asamalipirire dzina

M'masitolo a Pick n Pay ku South Africa, mpunga ndi shuga za No Name, dzina lomwe sitoloyi inakhazikitsa mu 1976, kawirikawiri zimatsika mtengo poyerekeza ndi za makampani otchuka. Chifukwa chake n'chodziwika. Kampani yotchuka imalipira zotsatsa pa wailesi ndi pa TV, ndipo ndalamazo imazipeza kwa wogula, pomwe sitolo ili kale ndi mashelefu ndi makasitomala ake. Ena amati chotchipa n'chosalongosoka, ndipo pa khofi kapena sopo nthawi zina amanena zoona. Koma pa mchere ndi shuga palibe kusiyana kwenikweni, komanso malamulo a ukhondo wa zakudya sayang'ana dzina. Banja lopeza movutikira lisachite manyazi kuyerekeza mtengo wa kilogalamu n'kutenga paketi ya sitolo.