Lekani kuponya mapilisi a chimanga m'siling'i

Mu Chipata muno muli nyumba zambiri zimene ukalowamo masana, dzuwa litawotcha malata, fungo limayamba kukulonjera mwini nyumba asanatero. Ndi fungo la mkodzo ndi zitosi za mileme. Ku Kapata, ku Mchini, ku Nabvutika, ngakhale ku Kalongwezi kwa mageti ndi mipanda ya njerwa, nkhani ndi imodzimodzi: siling'i yathimbirira, tizitosi takuda tikugwera m'mbale, usiku kulira kwa tswii tswii pamwamba pa bedi. Ife amene timathandiza pa wailesi ya m'dera timalandira mafoni a nkhaniyi chaka ndi chaka. Chimene chimatiopsa kwambiri ndi malangizo amene omvera amapatsana wina akangodandaula. Uyu akuti wotchani thayala. Uyo akuti fukizani tsabola wowuma. Wina akuti thirani Doom zitini ziwiri n'kutseka. Ndipo sipalephera kupezeka mdala wina wolankhula modekha ngati dokotala, amene amati gulani mapilisi aja osungira chimanga, muponye atatu kapena anayi m'mwambamo, mawa mudzandiuza.

Tiyambe ndi mdala ameneyu, chifukwa malangizo ake angathe kuikitsa mwana m'manda.

Mapilisi amenewo ndi aluminium phosphide. Akakumana ndi chinyezi cha mumpweya amatulutsa gasi wotchedwa phosphine, amene amapha anankafumbwe m'matumba a chimanga. Anapangidwira nkhokwe ndi mashedi otsekedwa bwino, mopanda munthu wogonamo, ndipo oyenera kuwagwira ndi anthu ophunzitsidwa. Gasi ameneyu ndi wolemerako kuposa mpweya umene timapuma, ndiye sakhala m'mwamba momwe mwamuika. Amatsika kudzera m'ming'alu ya siling'i, pabowo la waya wa babu, pakachitseko kokwerera m'denga, n'kufika m'chipinda chimene ana agona mawindo ali otseka. Kuchipatala kulibe mankhwala othetsa poizoni wa phosphine. Madokotala amangoyesetsa kuthandiza thupi kuti lipirire lokha. Manje tauzani, siling'i ya nyumba za lendi zimene timakhalamozi, ya mabodi opindika ndi madzi a mvula, ingatsekereze gasi? Ndipo nyumba zambiri za m'komboni ndi zamidadada, denga limodzi mabanja atatu. Mukaponya mapilisi kwanu, mwaponyeranso khanda la neba wanu.

Za thayala ndi tsabola sitichedwapo. Munthu amene amakwera ndi mbaula pakati pa mapulanga ouma ndi mawaya a magetsi akusewera ndi nyumba ya eni ake komanso katundu wake yemwe.

Tinene kuti mwachita mwayi, palibe wakomoka, mileme yafa. Mwapindulanji? Mitembo yake ili m'makona amene dzanja silifika, ikuwola, ntchentche ndi mphutsi zayamba. Ina yaledzera ndi mankhwala, yagwera pansi pakhonde, ndipo woyamba kuitola ndi mwana kapena pusi. Poyamba munali ndi nyama imene imakuthawani, lomba muli ndi nyama yodwala imene ili m'manja mwa mwana wanu. Ndipo bowo limene inalowera likadalipo. Pakapita miyezi ingapo, gulu lina lamva fungo la malo akale, lalowa. Anyamata opopera mankhwala aja, amene amayenda ndi thanki kumsana popanda chikalata chilichonse, amadziwa bwino zimenezi. Bizinesi yawo imakoma chifukwa kasitomala amabweranso.

Kuti kupha mileme kumabwezera vuto m'mbuyo, a ku Uganda anakuona ndi maso. Mu 2007 anthu ogwira ntchito mumgodi wa Kitaka, pafupi ndi tauni ya Ibanda, anadwala matenda a Marburg. Akatswiri anapeza kuti kachilomboko kanali m'mileme yodya zipatso imene inkagona mumgodimo, yoposa 100,000, ndipo pafupifupi 5 pa 100 iliyonse inali nako. Anthu anakwiya, anatseka makomo a mgodi ndi mabango ndi maukonde, napha mileme yosawerengeka, moti pofika kumapeto kwa 2008 simunkaonekanso mleme. Mu 2012 Marburg inabukanso m'tauni ya Ibanda. Akatswiri atabwerera ku Kitaka anapeza kuti mileme ina inalowanso, yochepa poyerekeza ndi kale, koma tsopano 13 pa 100 iliyonse inali ndi kachilombo. Anachotsa gulu lakale, m'malo mwake munalowa gulu latsopano limene matenda anafalikira mosavuta. Mileme ya ku Kitaka ndi mtundu wa m'mapanga, si tija tating'ono ta m'siling'i mwathu, koma phunziro lake likutikhudza: malo akakhala otsegula, amene wafa amalowedwa m'malo.

Tisanamizane, mleme si chidole. Ku South Africa mu 1970 bambo wina anamwalira atalumidwa ndi mleme, ndipo kachilombo kamene kanamupha, kachibale ka chiwewe, kanatchedwa Duvenhage. Ku Sierra Leone mu 2018 ofufuza analengeza kuti apeza kachilombo ka Bombali, ka banja la Ebola, m'mileme yogona m'madenga a nyumba, mitundu yomweyi imene imapezekanso kuno kwathu, ngakhale palibe munthu amene anapezeka atadwala nako. M'zitosi zakale zowunjikana mumatha kumera nkhungu imene fumbi lake likalowa m'mapapo limadwalitsa, makamaka anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo ndi chofooka. Zonsezi ndi zoona. Koma taonani njira zake: kulumidwa, kugwira ndi manja, kupuma fumbi la zitosi. Amene ali pangozi kwambiri ndi mnyamata amene watumidwa kukwera m'denga wopanda chophimba kumphuno, ndi tsache ndi chibonga, kuti akamenyane nayo. Mleme ukakulumani kapena kukukandani, tsukani bala ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, kenako pitani kukiliniki kapena ku Chipata Central Hospital tsiku lomwelo, mukanene kuti ndi mleme. Musadikire kuti muone ngati patupa.

Ndiye pali nkhani ya ufiti. Tamva kangati kuti mileme ya m'nyumba ya uje ndi yotumidwa, ati ndi agogo ena a kumudzi amene sakondwa kuti mdzukulu wamanga nyumba ya malata? Banja limalipira mneneri, amabwera ndi mafuta ndi madzi a m'botolo, amafuula usiku wonse, mileme ili phee m'mwamba kudikira kuti kude bwino ikasake. Choipa kwambiri n'chakuti pamakhala dzina la munthu limene latchulidwa, ndipo kawirikawiri ndi nkhalamba yosauka imene ilibe woiyankhulira. Ife achinyamata a m'tauni timanyadira kuti tinapita kusukulu, tili ndi intaneti m'thumba, koma nkhani zoterezi timazitumiza pa WhatsApp mothamanga kuposa makolo athu. Ngati mileme ndi yotumidwa, n'chifukwa chiyani imakonda makalasi a sukulu, matchalitchi ndi nyumba za aphunzitsi? Ndani analodza sitolo ya simenti?

Imalowa chifukwa pali polowera, basi. Mitundu imene imakonda madenga athu ndi ing'onoing'ono, ina yolemera magalamu 10 mpaka 15, ndipo mpata umene chala chanu chingalowe ndi khomo lokwanira. Kale inkagona m'mphako za mitengo ikuluikulu ndi m'ming'alu ya miyala. Tayang'anani mapiri otizungulira, Kanjala ndi anzake, muwerenge mitengo ya mphako imene yatsala pambuyo pa makala ndi maploti. Tinaigwetsera nyumba zake, n'kuimangira zina zofunda bwino, zamdima, zopanda kadzidzi.

Apa ndiye tafika kwa amene tikufuna amve. A landilodi, nkhaniyi ndi yanu. Nyumba zambiri za lendi zimamangidwa mothamanga kuti ndalama iyambe kulowa. Pamwamba pa khoma, pamene njerwa ziyenera kukumana ndi malata, amisiri amati beam filling, ndipo ndi ntchito imene imadumphidwa kawirikawiri chifukwa simenti yatha kapena mwini nyumba wati tidzamaliza pambuyo. Pamsonga ya denga malata sanakumane bwino. Mabowo a mpweya alibe sefa. Kunja penti waphulika, geti lonyezimira, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wolowa lendi akadandaula, yankho limakhala lakuti mileme ndi ya Mulungu, gulani mankhwala. Iyayi a landilodi. Lendi timalipirira denga lathunthu. Denga lodontha mumavomera kuti ndi udindo wanu, nanga denga lolowa mileme lasiyana pati? Nawo a Chipata City Council, poyendera nyumba zatsopano, akanamayang'anako pamwamba pa khoma asanavomereze kuti anthu alowe.

Njira yoitulutsira ilipo, ndi yotchipa kuposa kupopera kawiri pachaka, koma imafuna mtima wodikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzuwa likamalowa, imani panja anthu awiri kapena atatu, aliyense mbali yake ya nyumba, muone pamene ikutulukira. Chitani zimenezi madzulo awiri kapena atatu. Masana pansi pa malowo mudzapeza zitosi ndi kuda pakhoma. Tsekani mabowo ena onse ndi simenti, thabwa kapena waya wa sefa wa maso ang'onoang'ono, musiye okhawo amene ikugwiritsa ntchito. Pamenepo pachikani chidutswa cha neti yakale kapena pulasitiki yolimba, mukhomerere pamwamba ndi m'mbali, pansi musiye potsegula, chilendewere ngati theka la mita kupitirira bowolo. Mleme potuluka umatsetsereka n'kugwera pansi pa neti n'kuuluka. Pobwerera umalunjika pabowo penipeni, n'kupeza patsekeka. Pakatha sabata, mukaona kuti madzulo sipakutulukanso kanthu, chotsani neti, tsekani bowo. Pomaliza kwerani m'denga mutavala magolovesi ndi chophimba mphuno ndi pakamwa, muwaze madzi pazitosi kuti fumbi lisabuke, muwole. Zitosizo musataye kudzala, ndi manyowa abwino kudimba la repu ndi tomato.

Koma nyengo ndiye mutu wa nkhani. Mileme imeneyi imabereka m'miyezi yotentha ndi ya mvula, mwana mmodzi pa nthawi, ndipo kamwanako kamatsala m'denga mayi akapita kosaka. Mukatseka mu Disembala kapena Febuluwale, mwatsekera m'kati ana osatha kuuluka, afera momwemo, fungo lija mumalithawa liwirikiza, ndipo amayi awo azizungulira nyumba kufuna polowera mpaka kulowa m'zipinda. Nthawi yabwino ndi ya chisanu, Juni ndi Julayi. Vuto lake n'lakuti fungo limavuta kwambiri mu Okutobala, ndiye anthu amachita zinthu atapsa mtima, pa nthawi yolakwika. Anzathu a ku Lilongwe, tsidya lina la Mwami, ali ndi bungwe la African Bat Conservation limene limalangiza eni nyumba za njira yomweyi ndi kupachika mabokosi a matabwa oti mileme isamukiremo. Bokosi lotere kalipentala aliyense wa ku Kapata angakhome ndi zidutswa zotsala, n'kulipachika pamtengo wautali chapatali ndi mawindo.

Wina afunsa kuti, n'kuvutikiranji kuisunga? Funsani amene amalima. Kumapeto kwa 2016 mbozi ya fall armyworm inalowa m'minda ya chimanga ya dziko lino mwamphamvu moti Pulezidenti Edgar Lungu analamula asilikali a ndege kuti athandize kunyamula mankhwala. Mbozi imeneyo imaswedwa ndi gulugufe wouluka usiku, nthawi imene mbalame zagona ndipo mlenje amene ali pantchito ndi mleme. Ku America ofufuza anapeza agulugufe a mbozi yomweyi m'zakudya za mileme ya kumeneko. Ku Eswatini anatsatira mitundu iwiri yomwe ija ya m'madenga, napeza kuti usiku imakonda kusaka pamwamba pa minda ya nzimbe. Udzudzu nawo imadya, ngakhale amene amakuuzani kuti mleme ungalowe m'malo mwa neti akukunamizani, gonani m'neti. Ife a kuno kum'mawa, amene sukulu zathu zinalipiridwa ndi chimanga, fodya, thonje ndi nshawa, tikamathira poizoni nyama yodya tizilombo usiku wonse popanda malipiro, n'kupita kukagula mankhwala a mbozi pa ngongole, tikudziba tokha.

Ndipo chodabwitsa china, dziko lomweli limadyera mileme. Ku Kasanka National Park, kupitirira Serenje, kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala kumasonkhana mileme ikuluikulu yodya zipatso mamiliyoni angapo, ena amati imafika 10 miliyoni, m'kankhalango kamodzi kakang'ono. Alendo amakwera ndege kuchokera ku London ndi ku Berlin, kulipira madola, kudzuka mbandakucha kuti akaione ikubwerera. Ife timaika zithunzi zake pa Facebook ndi mbendera ya Zambia pambali, kenako madzulo tikutuma mwana kumsika kukagula mapilisi.

Kwa anzathu amene mukufuna nyumba ya lendi chaka chino: musanapereke ndalama ya miyezi itatu, zungulirani kuseri, muyang'ane pamwamba pa khoma ngati kuwala kukudutsa, mununkhize m'chipinda masana. Ngati mabowo alipo, gwirizanani ndi mwini nyumba polemba kuti atseka mu Juni, kapena kuti mutseka nokha n'kudula mtengo wa simenti ndi sefa pa lendi. Amene muli kale m'nyumba zamidadada, kambiranani ndi maneba onse a denga limodzi, chifukwa mukatseka mbali yanu yokha mileme ingosamukira pamwamba pa chipinda chotsatira.