Wanjinga wa ku Neno Asamatchove Yekha

Pa Zalewa pali mawu amene anthu amakonda kunena akaona mnyamata akuwoloka mlatho wa Shire, matumba a makala atawasanja pa keliyala mpaka kupitirira mutu wake: "Ameneyu kungomupatsa njinga ya mpikisano, azungu sangamuone n'komwe." Amanena ndi mtima wabwino, ndipo mphamvuzo palibe angazikane. Kuchoka pa Zalewa kukafika mu Blantyre ndi makilomita opitirira 50, ukadutsa Lirangwe chitunda chimangokulirakulira, katunduyo n'kukhala wolemera kuposa mwini wake. Lero ndikuti mawu ajawa si oona, ndipo akusocheretsa anyamata amene akufunadi kupikisana.

Wamakala thupi lake linazolowera ntchito imodzi: kuponda pedulo mwamphamvu koma mwapang'onopang'ono, chitunda chikakula n'kutsika, n'kumakankha. Mpikisano wa pamsewu umafuna zina. Miyendo izizungulira maulendo 80 mpaka 100 pa mphindi kwa maola atatu kapena anayi osalekeza, kenako wina akachomoka kutsogolo, iwe uchomoke naye nthawi yomweyo, mtima uli m'khosi, ndipo ukangomupeza winanso achomoka. Njinga nazo n'zosiyana. Buffalo ija imene yadzaza m'midzimu imalemera makilogalamu opitirira 20, pamene malamulo a bungwe loona za njinga padziko lonse, la UCI, amalola njinga ya mpikisano kupepuka mpaka makilogalamu 6.8. Munthu wozolowera Buffalo akakwera yopepukayo tsiku loyamba amangoyenda njokanjoka.

Ndikudziwa mnyamata wina wa cha ku Lisungwi amene mkulu wake anamutumizira njinga yotere pa basi kuchokera ku Johannesburg. Ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, mahandulo opindikira pansi, magiya ake akulumpha pang'ono koma akugwira. Iye anaganiza kuti kukonzekera mpikisano ndiye kudzizunza. M'mawa uliwonse ankatulukira pa tala, kutchova ndi mphamvu zake zonse kulowera ku Kam'mwamba, kubwerera chimodzimodzi, foni ili m'thumba ikuwerenga nthawi. Tsiku lina anandidandaulira.

"Madala, ndikutchova tsiku ndi tsiku, koma liwiro m'malo mokwera likutsika. Kapena njingayi ndi yotha?"

"Mphwanga, njinga ilibe mlandu. Unapuma liti?"

Anandiyang'ana modabwa, chifukwa kwa iye kupuma ndi ulesi. Komatu minofu sikula pamene ukutchova ayi. Pamenepo imakhala ikuphwanyika. Imamangika usiku uli m'tulo ndi tsiku limene njinga yatsamira kukhoma. Ophunzitsa masewerawa ambiri amagwirizana kuti gawo lalikulu la maulendo a pa sabata likhale la liwiro loti ungathe kucheza ndi mnzako popanda wefuwefu, ndipo masiku owawitsa asapitirire awiri. Ulendo umodzi wautali pa sabata, wotalikirako pang'ono sabata iliyonse, ndiwo umamanga mtima ndi mapapo. Sabata yachinayi uchepetse zonse. Anyamata athu zimenezi zimawavuta kumva, poti anakula akuuzidwa kuti mwamuna satopa.

Kunena za malo, boma la Neno Mulungu analikondera. Kumtunda kwa Dambe ndi Nsambe, m'mapiri a Kirk Range kumene kumachokera mbatatesi ndi tirigu, kuli zitunda zoti wanjinga wa ku Lilongwe angazisirire. Kumunsi m'chigwa cha Lisungwi ndi Shire kuli kutentha kumene kumaphunzitsa thupi kupirira. Chovuta n'chakuti tala weniweni ali m'mphepete mwa boma, pa msewu wa Blantyre kupita ku Balaka ndi wina wopatukira ku Mwanza. Msewu wa Tsangano, Neno mpaka Mwanza takhala tikuumva m'malonjezo ndi kuuona ukumangidwa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Choncho wa pa boma kapena ku Ligowe asawonongere matayala opyapyala aja m'miyala, chifukwa akang'ambika pa Neno sawapeza, ndipo chubu chake mpaka Limbe. Masiku a zitunda akwere njinga yolemera ija. Asankhe chitunda chimodzi cha mphindi zisanu, achikwere ali chikhalire pa chishalo, atsike mopuma, akwerenso, kanayi kapena kasanu. Pasanathe miyezi iwiri adzaona kusintha.

Chishalocho ndiye ambiri amachilakwitsa. Amachitsitsa kuti phazi lizifika pansi, mmene amachitira a kabaza pofuna kuima msanga kasitomala akakodola. Ukakhala pa chishalo n'kuika chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uyenera kuwongoka. Chikatsika kuposa apo, mphamvu zimathera m'mawondo, ndipo mawondowo adzakukumbutsa ukadzakalamba.

Za chakudya sindichulukitsa, poti sitifunika zinthu za m'mapaketi zimene amatsatsa pa intaneti. Phala kapena mbatata maola awiri usananyamuke. Ulendo ukapitirira ola ndi theka, uzidya uli panjinga pomwepo, usanamve njala: nthochi imodzi kapena ziwiri pa ola, chitumbuwa, kagawo ka mbatata yophika m'kathumba ka kumsana kwa jezi ya pa kaunjika. Nyengo ya manachesi, Neno ndi Mwanza safuna kuuzidwa. M'botolo limodzi madzi, m'linalo thobwa kapena madzi othira shuga ndi kamchere kotsina ndi zala. Amene anayesapo kutchova m'chigwa mu Okutobala dzuwa lili paliwombo amadziwa chimene chimachitika shuga akatha m'thupi: maso amachita chidima, miyendo imasanduka ya eni, ndipo munthu wamkulu amakhala pansi m'mbali mwa msewu n'kumapempha nzimbe kwa ana.

Zonsezi munthu akhoza kuchita yekha. Chimene sangaphunzire yekha, chimenenso chimagamula mpikisano, ndi kuyenda m'gulu.

Pa tala wosalala, liwiro likafika makilomita 35 kapena 40 pa ola, mdani wamkulu si chitunda kapena kulemera kwa njinga, koma mphepo. Wotsogola ndiye amaing'amba. Amene ali kumbuyo kwake, tayala ndi tayala, amasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, ndipo wobisala pakati pa gulu lalikulu amasunga zoposa apo. Ndiye tangoganizani mnyamata wathu uja tsiku la mpikisano wake woyamba m'tauni. Mluzu ukangolira, iye ndi uyo patsogolo, poti mphamvu akuzimva. Anyamata a m'tauni, ena oonda kuposa iye, angondandalika kumbuyo kwake phee, akumwa madzi, akuyang'anizana. Iye akuganiza kuti akuwazunza, chonsecho akuwagwirira ganyu yaulere. Makilomita 15 omaliza, onse amudutsa limodzi, iye n'kutsala akuyang'ana pansi kufuna kuona ngati tayala laphwa.

Kuyenda kumbuyo kwa mnzako ndi luso la maso ndi mtima. Tayala lako lakutsogolo limakhala chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchoka pa tayala lake lakumbuyo. Suyang'ana tayalalo, umayang'ana msana wake ndi msewu kupyola phewa lake. Ukayandikira kwambiri sugwira buleki mwadzidzidzi, chifukwa kumbuyo kwako kulinso munthu. Umangoleka kutchova kamphindi kapena kudzutsa chifuwa kuti mphepo ikubweze. Tayala lako lisapitirire m'mbali mwa lake, poti iye akangokhotera pang'ono, wogwa ndiwe. Wotsogola akaona dzenje amaloza ndi chala pansi, chizindikirocho n'kuyenda mpaka kwa womaliza. Akatopa amagwedeza chigongono, n'kupatukira pambali, n'kutsetserekera kumbuyo kwa mzere, wachiwiri n'kutenga malo popanda kuwonjezera liwiro. Mwera ukamawomba cham'mbali mu Juni ndi Julayi, malo obisala sakhalanso kumbuyo kwenikweni koma chapambali, ndipo amene sakudziwa zimenezi amatha mphamvu ali pakati pa anzake osamvetsa chifukwa chake. Izi ungaziwerenge, ungazione pa YouTube usiku wonse, koma manja sasiya kunjenjemera mpaka utazichita ndi anthu enieni kambirimbiri.

Mayiko amene atipitirira pa masewerawa sanatipose miyendo. Ku Eritrea mipikisano ya njinga imachitika kawirikawiri m'misewu ya Asmara, makalabu alipo, ndipo mwana amakula akudziwa kulimbirana malo m'gulu. M'dziko limeneli ndi mmene munachokera Daniel Teklehaimanot, amene mu 2015 anavala jezi ya katswiri wa zitunda kwa masiku angapo pa Tour de France, ndi Biniam Girmay, amene mu 2024 anapambana zigawo 3 za mpikisano womwewo n'kutenga jezi yobiriwira. Ku Rwanda timu ya dziko inayamba kumangidwa cha m'ma 2007, ndipo ena mwa anyamata ake anali a kabaza ndi onyamula katundu panjinga, ngati athu omwewa. Kusiyana kwake n'kwakuti anawasonkhanitsa pamodzi, n'kumawayendetsa limodzi, mpikisano wa Tour du Rwanda n'kumawapatsa poyesera chaka ndi chaka. Mu Seputembala 2025 mzinda wa Kigali unachititsa mpikisano wa dziko lonse wa njinga za pamsewu, koyamba mu Africa. Amuna anatchova makilomita 267.5, anapambana ndi Tadej Pogačar wa ku Slovenia, ndipo omaliza ulendowo anali 30 okha.

Ifenso tili ndi mbiri, kungoti timaiiwala. Dyton Chimwaza ndi Daniel Kaswanga anaimira Malawi pa njinga ku Olympics ya ku Los Angeles mu 1984 ndi ya ku Seoul mu 1988. Mu 2014, pa masewera a Commonwealth ku Glasgow, Leonard Tsoyo ndi Missi Kathumba anafika ndi njinga zotopa mpaka sitolo ina ya njinga mumzindamo inawathandiza ndi zabwino. Anthu a kumeneko nkhaniyo inawakomera, ndipo chifundo chawo tiyamike, koma kwa ine ndi nkhani yochititsa manyazi. Timatulutsa munthu mmodzi kapena awiri olimba mtima, iwo akakalamba mzere n'kuduka, wotsatira n'kuyambiranso pa chiyambi, yekhayekha.

N'chifukwa chake ndikuti anyamata ndi atsikana a ku Neno amene nkhaniyi yawagwira asadikire njinga ya ku Joni kapena bungwe lobwera ndi galimoto yoyera. Anthu asanu akwana. Njinga zisafanane, zilibe kanthu: wa yopepuka azikhalitsa kutsogolo, wa Buffalo azibisala kumbuyo, onse apindula. A kabaza a pa Zalewa ali kale ndi magulu awo ndi atcheya awo, ndiye posonkhanitsa anthu sipovuta. Tsiku lokha ndilo lofunika kukambirana bwino, chifukwa kuno mishoni ya Matandani inazika mizu kalekale, ndipo mukati Loweruka ena ali ku Sabata, mukati Lamulungu ena ali ku Misa. Mbandakucha wa pakati pa sabata mwina ndiwo sungakhumudwitse munthu.

Mbandakucha ulinso ndi ubwino wina. Msewu wa ku Mwanza ndi wa mathiraki opita ku Tete, Beira ndi Harare, ndipo thiraki ikakudutsa pafupi, mphepo yake imakukankha kenako n'kukukokera ku matayala. Gulu liyende mzere umodzi kumanzere, womaliza avale chowala ndipo azikuwa galimoto ikamabwera. Wopanda chipewa choteteza mutu abwerere, ngakhale akhale katswiri wa gululo. Pamenepa sindinyengerera. Chizolowezi china chogwira kumbuyo kwa lole pa chitunda chimene ndimachiona kwa anyamata ena, chimenecho si masewera, ndi kuitana maliro.

A Cycling Federation of Malawi ndi ofesi ya zamasewera ku khonsolo ya Neno nawo ali ndi gawo lawo. Mpikisano wochoka pa Zalewa kukafika ku Mwanza n'kubwerera sufuna bwalo kapena mamiliyoni osaneneka. Ufuna apolisi apamsewu kwa maola ochepa, galimoto yotsogola, ina yotsatira yokhala ndi wachipatala, ndi mphoto zoti munthu akagulire matayala. Pakhale chigawo cha njinga wamba, kuti wamakala uja tidzamuone ndi maso m'malo momangomutama pa mlatho.

Kwa mphwanga wa ku Lisungwi ndi anzake amene akupita kukapikisana m'tauni mpikisano wa kwathu usanabwere: sabata yomaliza si yowonjezera mphamvu, chimene sunachipeze m'miyezi itatu sungachipeze m'masiku asanu. Tchovani pang'ono, gonani mokwanira, tsukani tcheni, onani mabuleki ndi masipoko, ndipo musayese chakudya chachilendo m'mawa wa tsikulo. Mukamakwera minibasi pa Zalewa, gulani mpando wa njingayo, muchotse matayala onse awiri, mulowe nayo m'kati. Kondakitala akaimangirira kumbuyo pamodzi ndi matumba a chimanga, kachitsulo kosinthira magiya kamapindika, ndipo amakaniko a pansi pa mtengo ambiri alibe chokawongolera.