Zakudya za m'mapaketi: kodi zingakulitse mwana wopinimbira?

Ambiri a ife tinamvapo mau akuti, "Mwanayu ndi wamfupi cabe, anatengera ambuya ake." Nthawi zina n'zoona. Koma kawirikawiri mwana wotere ndi wopinimbira, ndiko kuti msinkhu wake ucepa poyerekeza ndi zaka zake cifukwa cosowa cakudya coyenera ndiponso kudwaladwala. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo anapeza kuti mu 2007, ana 45 pa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu muno m'Zambia anali opinimbira. Mu 2018 anali 35, ndipo mu 2024 anali 32. Tikupita patsogolo, koma mwakacetecete, ndipo cilala ca mu 2024 cinacepetsanso cakudya m'nyumba zambiri.

Ndiye cifukwa cake akatswiri akukamba kwambiri za zakudya zoonjezera za m'mapaketi, zonga ciponde, zokhala ndi mafuta, mavitamini, ayironi ndi zinki. Mu 2021 anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 14 wokhudza ana oposa 37,000 a miyezi 6 kufikira 24. Anapeza kuti kapaketi ka magalamu pafupifupi 20 tsiku lililonse kanateteza ana 12 pa ana 100 alionse amene akanapinimbira.

Nanga mwana amene anapinimbira kale? Ku Uganda anafufuza ana 750 otere, oyambira caka cimodzi koma osakwana zaka zisanu. Amene analandira magalamu 100 tsiku lililonse kwa masabata 12 anatalika kuposa anzao ndi theka la sentimita, ndipo anaonjezera minofu, osati mafuta. Mapaketi okhala ndi soya anagwira nchito mofanana ndi okhala ndi mkaka. Zotsatirazi zinatuluka mu 2023.

Tiphunzirapo zinthu ziwiri. Coyamba, mwana wopinimbira si wotayika; thupi lake likhoza kuyambanso kukula likapatsidwa zofunika. Caciwiri, paketi si cozizwitsa. Theka la sentimita silibwezera zonse zimene mwana anataya, pakuti kupinimbira kumayamba m'masiku 1,000 oyambirira, kucokera pamene mai watenga pathupi kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. M'masiku amenewa ubongo naonso ukukula, ndipo mwana wopinimbira nthawi zambiri amavutika pa sukulu. Komanso cakudya cabwino sicikhalitsa m'thupi la mwana wotsegula m'mimba mwezi ndi mwezi cifukwa ca madzi oipa, kapena wodwala malungo ndi njoka za m'mimba.

Tsono ticite ciani? Mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6. Akayamba phala, lisakhale la ufa ndi shuga cabe: tiikemo nsinjiro, dzira, kapenta wosinja kapena ciwawa. Ku sikelo tipemphe anamwino kuti ayeze msinkhu wa mwana, osati kulemera kokha, pakuti mwana akhoza kuoneka wonenepa koma ali wopinimbira. Pa Sabata la Umoyo wa Ana, limene limacitika kawiri pa caka, tipite nao akalandire vitamini A ndi mankhwala a njoka.

Ngati a cipatala apereka mapaketi kwa mwana wonyentchera, amenewo ndi mankhwala a mwanayo. Kuwagawira abale ake kapena kuwagulitsa pamsika ndi kumlanda moyo. Ndipo ndalama zogulira mankhwala a m'mabotolo olonjeza kunenepetsa ana, ndi bwino zigule mazira ndi nyemba.

Inu atate, nkhaniyi ndi yanunso, pakuti pogulitsa zokolola ndinu mumasankha thumba la nshawa lotsala panyumba. Ndipo ife monga mpingo, poyendera mabanja m'zigawo zathu, tizifunsanso mwaulemu kuti mai woyembekezera ndi mwana wamng'ono adya ciani lero. Pamene tipeza kuti kulibe, tisacoke ndi pemphero lokha.