Kathumba ka atsibweni

Kuno ku Mchinji ukangolankhula kuti mawa upita ku Chipata, madzulo omwewo pakhomo pako pamadzaza. Uyu akufuna umugulireko chitenje, uyo ali ndi kakatundu koti ukasiye kwa mlamu wake. Ine ndakhala bulu wa anthu otere kwa zaka zambiri, ndipo ndinkadzitcha munthu waulemu.

Tsiku lina atsibweni anga anandiimbira foni. "Mphwanga, pobwera udutse pamsika wa Kapata, pali kathumba kanga." Kathumbako nditakafika kanasanduka matumba awiri a zitenje zogulitsa. Mtima unandiuza kuti ndiwasiye, koma pakamwa panatuluka "palibe vuto".

Chipata cha pamalire cha Mwami si chija chakale. Kuyambira mu Disembala 2022, pamene a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegula nyumba yatsopano ija, maofesala a maiko onse awiri amagwirira ntchito pamodzi ndipo waulendo amaima kamodzi. Koma funso silinasinthe: katunduyu ndi wa ndani? Pamalire katundu ndi wa amene wamunyamula. Dzina la atsibweni silinandithandize. Ndinalipira msonkho ndi ndalama ya mtedza wanga, yomwe ndinasungira feteleza. Iwo polandira matumba anangoti Mulungu andidalitse.

Sindinawafunse ndalamayo. Kwathu kwa Achewa tsibweni ndiye mwini mbumba. Ndi amene amaima pa ukwati wako, pa mlandu wako, ngakhale pa maliro ako. Ungamulonjerere ngongole bwanji? Anthu adzati chiyani?

Anthu amenewa ndakhala ndikuwafunafuna. Sanandiperekeze pamzere wa msonkho, ndipo chimanga changa chitachita chikasu posowa feteleza wobereketsa palibe anabwera ndi kambale. Komabe ndi iwo ankandilamulira, ngati nduna zosaoneka.

Chimene chimandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti ulemu wanga uja unali wodzala ndi mabodza. Tili ndi mawu ambiri okanira osakana: "ndiona", "ndikuimbirani", "tionana mawa". Ukatero umazimitsa foni, ukamuona mnzako pa Kamwendo umakhotera kuseri kwa magolosale. Mwiniwake akudikira, akuwerengera ndalama yomwe sidzabwera. Tikamati kupatsa n'kuika timanena za wopatsa ndi mtima wake. Ine ndinkapereka ngati munthu wolipira dipo, kenako n'kukadandaulira mkazi wanga usiku wonse.

Ulendo wotsatira foni inaliranso. Kukhosi kunauma, koma ndinati, "Pepani atsibweni, ulendo uno sindinyamula katundu wa munthu." Ndinafuna kuwonjezera kabodza kakuti galimoto yadzaza, koma ndinadzigwira. Anakhala chete, kenako anati, "Sukuluyi yakulowani m'mutu," n'kudula.

Anandinyanyala miyezi iwiri. Pamaliro ena m'mudzi anandipatsa moni wa nsonga za zala. Usiku umenewo tulo sindinatione, ndisaname.

Mu Ogasiti, nthawi ya Kulamba itakwana, tinakumana pa depoti tonse tikupita ku Mkaika, ku Katete, kwa Kalonga Gawa Undi. Anandiyang'ana, anasuntha pampando, n'kundipatsa mtedza wokazinga m'kapepala. Za mwambo tinacheza mpaka tinawoloka malire. Pobwerera anali ndi kathumba kena, ndipo pa Mwami anatsika nako okha kukaima pamzere. Ine ndinawasungira malo m'minibasi.